Pamwamba pa Khoma la Maryam

Maryam anayambira kunsi kwa bedi. Anatulutsako nsapato imodzi yopanda inzake, wailesi yakufa, chitini cha misomali yadzimbiri ndi kalendala ya zaka zinayi zapitazo. Zonse anakaziunjika panja osaziyang'ana kawiri.

Mawa lake linali tsiku la makumi anayi chimwalirireni mwamuna wake, Akimu, tsiku la sadaka. Abale anali atayamba kale kufika ku Ngokwe, ndipo alendo a pasadaka amadziwika: pakamwa ali ndi mapemphero a dua, maso ali m'makona a nyumba. Komanso mkazi wa pa eda, amene akulira mwamuna wake, sayendayenda, ndiye manja akewo akanawagwiritsa ntchito yanji? Misozi inamuthera sabata yoyamba. Mumtima mwake munangotsala dzanzi, ngati la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Zaina, mlongo wake wa malemuyo, anakhala pakhonde akusankha mpunga.

"Mawa ashehe akangomaliza, tikupita naye kupolisi," anatero. "Mlandu suola, alamu. Khanda lakelo aona yekha kolisiya."

Ankanena za Ayisha, mkazi wamng'ono wa Akimu, wa kutsidya kwa dambo. Nkhani yake mudzi wonse unkaidziwa. Tsiku lomaliza lija Akimu anadya nkhomaliro kwa Ayisha, atakangana naye mpaka oyandikana nawo kutuluka m'nyumba. Anabwerera kwa Maryam dzuwa litapendeka. Posakhalitsa anayamba kusanza, thukuta lili kamukamu, malovu osaleka. Kuchipatala anangofikira kutsirizika. Adokotala anati m'mimba mwake munali mankhwala opopera thonje. Ayisha amalima thonje. Maryam chibadwire sanalimepo, munda wake ndi wa chimanga ndi nandolo basi. Nanga pamenepa panafunikanso woombeza?

Kawiri konse Ayisha anabwera kudzagwada pakhomo pomwepo, mwana ali kumbuyo, akulumbira pa Korani kuti sakudziwapo kanthu. Maryam anangomuyang'ana. Sanamude, sanamumvere chisoni. Akapite kundende, asapite, kwa iye zinali chimodzimodzi.

Ananyamula matiresi. M'mphepete mwake munalibe nsikidzi ndi imodzi yomwe. Akimu ndiye anazimaliza m'nyengo ya dzinja. "Ndazipezera dawa yake," anadzitama choncho ponena za mankhwala ozipha, ndipo Maryam, pokondwa kuti agona tulo, sanafunse zambiri. Pansi pa matiresipo panali timapepala ta shuga topindidwa bwino, zingwe, ndi mphira wa njinga woduladula. Bambo ameneyo sankadziwa kutaya. Chitini, chivindikiro, botolo lotha, zonse ankati zidzagwira ntchito tsiku lina. Akanatha, akanasunganso utsi wa kukhitchini.

Anasesa kuseri kwa chitseko, kumene kunapezeka khasu lothyoka mpini. Anasuntha mtsuko wa madzi, napeza mpeni umene anausaka chaka chathunthu. Sanasekerere. Anauponya m'lichero napitiriza.

Pogwira ntchito choncho mawu amodzi ankangomubwerera, mawu omaliza amene anakambirana ngati anthu apabanja. Akimu anali ndi chifuwa sabata imeneyo, mphuno zitatsekeka. M'mawa mwa tsikulo Maryam anamugulira botolo la mankhwala a chifuwa kugolosale, naliika pamwamba pa khoma pamene ana sangafikepo. Akimu atabwerako kwa Ayisha akutsokomola, Maryam anatambasula dzanja, natsitsa botolo. Analipeza loyamba kale, namuyamikira kuti lero wamwako yekha osachita kumukakamiza. Anamumwetsa masupuni awiri.

"Kuwawa bwanji, mayi!" anadandaula Akimu, nkhope itakwinyika.

"Mankhwala okoma sachiza, bambo," anamuyankha motero, onse n'kuseka.

Kukumbukira zimenezi ndiko kokha kumene kunkamupatsa mpumulo pang'ono. Mbali yake iye anaichita. Mwamuna wake sanamwalire wosasamalidwa.

Dzuwa litafika paliwombo, malo amodzi okha ndiwo anatsala: pamwamba pa khoma lomwelo, pampata wa pakati pa njerwa ndi malata. Maryam ndi wamfupi. Zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba imeneyo, pamalopo ankangopadziwa ndi zala, maso ake anali asanapaonepo. Anagubuduza mtondo, nauvundikira, nakwerapo tsache lili m'manja.

Panali fumbi lochindikala, mazira a nalimata, lezala zakale, makiyi a loko amene anatayika kalekale. Anazikokolera pansi chimodzichimodzi.

"Zotaya zilikonso kumwambako, alamu?" anafunsa Zaina ali pakhonde.

Maryam anapitiriza kukokola fumbilo. Kutsogolo kwenikweni, pamene dzanja lake limafikira nthawi zonse, panali botolo lija lofiirira la mankhwala a chifuwa. Zala zake zinalizindikira msanga chifukwa cha chitsekero chake chong'aluka. Koma pepala lake linali lakale, lofufuma. Analitsekula kuti akakhuthule zotsalazo, ndipo fungo la munda wa thonje wongopopera kumene linamumenya kumaso.

Kuseri kwake, litagona chammbali pafupi ndi mtanda wa denga, kunali botolo lina lofanana nalo. Linali lija la kugolosale, lodzaza mpaka m'khosi, chitsekero chake chisanadulidwe n'komwe.