Anapaka Utoto Pansi Pasanaume

Panali bambo wina ku Dublin, dzina lake Cornelio, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona. Ankakonza mabwalo a tenesi a m'nyumba: kupala utoto wakale, kumata ming'alu, kupaka watsopano kawiri, kenako kujambula mizere yoyera. Chuma chitagwa mu 2009 anzake anachotsedwa ntchito, iye n'kutsala ndi Tarsizio, mkulu wa ku Dedza amene anali atakhalitsa pantchitoyi.

Cornelio anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri osaponda kwawo ku Zomba. Mwana wake Agatha, amene anamusiya ali kusekondale, tsopano ankakwatiwa. Mtima wa bamboyu unali utanyamuka kale, kuno kunangotsala thupi. Bwalo limene ankakonza ku Clondalkin linayenera kutha Lachitatu, ndege inali ya Lachinayi, ukwati Loweruka. Nthawi inali yokwanira ndithu. Koma iye ankafuna masiku awiri ozungulira m'masitolo, poti bambo wa mkwatibwi angafike bwanji chimanjamanja?

Atapaka utoto woyamba, mawa lake anagwira pansi ndi chikhatho, monga ankachitira amayi ake akazira nyumba.

"Pauma apa. Tipake wachiwiri."

"Achimwene, kuno si ku Zomba," anatero Tarsizio. "A club, eni bwaloli, anazimitsa heating yotenthetsera muno, akuti ndi recession, ndalama palibe. Pamwamba pauma, koma m'kati muli chinyezi. Tidikire mpaka Tuesday."

"Tuesday ine ndikhala ndili mu town, ndikugula nsapato za mwana wanga."

Anapaka basi.

Lachitatu m'mawa bwana wake, Gerard, anamuitana. Bwalo lonse linali litatuluka matuza, utoto ukusendeka ndi chala. Gerard sanakalipe. Anangomuuza kuti iyi ndi ntchito yokhayo imene kampani yatsala nayo. Bwalolo likapanda kukonzedwa mpikisano wa sabata yamawa usanafike, kampani itsekedwa, chilolezo cha Cornelio chogwirira ntchito chithera pomwepo, ndipo akapita kumudzi sadzabwereranso. Nanga banja lonse likudya kwa iye, akanatani?

Loweruka ali chogwada, akupala utoto uja, foni inalira. Anali Agatha, kumbuyo kwake kukumveka nthungululu.

"Ababa, tikulowa m'tchalitchi tsopano. Andigwira dzanja ndi amalume. Koma ine ndimafuna inuyo."

"Ndamva, mwana wanga," anatero Cornelio. Anakhala foni ili kukhutu, akumvetsera kwaya, mpaka mayunitsi anathera kumudziko.

Phunziro: Amene wakhalitsa pantchito akati dikira, dikira. Ndipo kumudzi akulakalaka nkhope yako, osati chikwama chako. Tumizirani uthengawu abale onse amene ali kunja.