Matayala a Apongozi

Motoka ya a Everisto inalowa m'garaji ya Lovewell ili njo, yaitali ngati yaponda pa njerwa. Eni ake anatsika, nasiya makiyi pa boneti.

"Muoneko matayala akutsogolo, a Lovewell. Ndibwera dzuwa likapepa."

"Chabwino, atate."

Nkhani inathera pomwepo. Lovewell anali atatomera Adelina, mwana wamkazi wa a Everisto, ndipo munthu sapanikiza apongozi ake ndi mafunso ngati wapolisi wa pamsewu. Anangowaperekeza ndi maso mpaka anakhota cha kumsika.

Panalibe munthu mu Feira amene sankaidziwa motokayo. A Everisto ankagula nsomba zouma m'midzi ya m'mbali mwa Zambezi, ndipo chaka chatha anatopa ndi kukhula mimba ya motoka pa miyala ya msewu wa ku Kavalamanja. Anaikweza okha. Anadula zitsulo, naziwotcherera pa masipuling'i, motoka n'kukwera ndi chikhatho chathunthu. Kuyambira pamenepo aliyense wowapatsa moni ankayamba waweramitsidwa kuti aone ntchito ya manja awo.

Lovewell anagwada, nayendetsa chikhatho pa tayala lakumanzere. Kunja mizere inali yakuya bwinobwino. M'kati munali see, ngati dazi. Lakumanja nalo chimodzimodzi. Zoterezi anaziona kambirimbiri: motoka ikakwezedwa mwachisawawa, mawilo amapendekeka, tayala n'kumayendera mbali imodzi mpaka waya kuonekera.

Komabe anachita zonse mwa dongosolo lake. Anaika jeke, nagwedeza wilo uku ndi uku. Linali nga. Anayang'ana zitsulo za chiwongolero, osapeza cholobodoka. Kenaka anakoka chingwe kuchokera ku wilo lakumbuyo kufika kutsogolo. Chingwe chinati zonse zili mowongoka. Anayesanso. Chinabwereza zomwezo. Anachikulunga n'kuchiponya pakona. Chingwe chimatamuka ndi dzuwa, anadziuza, koma tayala silinama.

Masana mlongo wake Sheila anabwera ndi botolo la chakumwa cha munkoyo, nampeza akulumikiza makina odulira zitsulo.

"Alongo, mufuna kudula chiyani pa motoka ya apongozi anu?"

"Matenda ake. Zitsulo anaikazi ndizo zikudya matayala."

"Bwanji osayamba mwawafunsa?"

"Ndiwafunse chiyani? Iwo amadziwa nsomba, ine ndimadziwa motoka."

Sheila anatula botolo nachoka akupukusa mutu.

Sikuti Lovewell analibe mantha. Ankadziwa kuti akukhudza chinthu chimene mkuluyo ankachinyadira kuposa nyumba yake. Koma Loweruka motoka yomweyi inkayenera kunyamula Adelina ndi azakhali ake kupita kwa malume ake ku Kavalamanja kukapangana tsiku la ukwati. M'maganizo anaona tayala likuphulika pa chitsikiro, motoka ikugubuduka, Adelina ali m'kati. Mkamwini wamantha akanangopopa mpweya n'kunena kuti zonse zili bwino. Iye sanali wotero. Tsiku lina, anaganiza, a Everisto adzauza adzukulu awo kuti moyo wa banja lonse unapulumutsidwa ndi munthu mmodzi wolimba mtima.

Zitsulozo zinali zowotchereredwa mwamphamvu, moti zinatuluka zidutswazidutswa. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunam'wiritsa pansi pa motoka maola anayi, thukuta likulowa m'maso, nthethe zikum'tentha m'mikono. Atatsitsa jeke, motoka inakhala pansi modzichepetsa ngati zinzake zonse. Pa miyala ya ku Kavalamanja idzakhulanso mimba, inde, koma kukhula mimba si kufa.

Anasamba m'manja, navala shati loyera, nayala zidutswazo pa saka mwaulemu. Mawu oti anene anawayeseza katatu.

A Everisto anafika dzuwa litapendeka. Anaima pachipata. Anayang'ana motoka, nayang'ana saka, nayang'ananso motoka.

Lovewell ananjuta, manja pamodzi.

"Atate, mundikhululukire, koma choonadi ndiyenera kunena. Ntchito munagwira ija inali yolimba, palibe angatsutse. Koma inapendeketsa mawilo. Taonani m'katimu. Kudyeka kotereku si kwa sabata imodzi ayi, ndi kwa chaka chathunthu, kuyambira tsiku lomwe munakweza motokayi. Mukanayenda nayo Loweruka, kaya tikanakamba zotani. Ndiye ndachotsa zonse."

Mkuluyo anatola chidutswa chimodzi, nachitembenuza m'manja kwa nthawi yaitali.

"Izi zingabwererenso?"

"Iyayi, atate. Ndipo ndi bwino choncho."

"Mwati matayalawa adyeka chaka chathunthu?"

"Ndikhoza kulumbira, atate."

"Apo mwalasa," anatero a Everisto, akubweza chidutswacho pa saka pang'onopang'ono. "Koma adyekera pa motoka ya munthu wina. Ndi a salaula awa, ogwirapo kale ntchito, ndagula dzulo kwa mnyamata wa ku Zumbo n'kuwamanga m'mawa uno. Ndimangofuna mundiuzeko ngati sanandipusitse."