Kapepala Kobisidwa M'mkono wa Chikhoti

Panali mtsikana wina kuno ku Grand Rapids, dzina lake Shawna. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi chaka chathachi.

Shawna ankakonda kutchena. Seputembala akangolowa, masamba n'kuyamba kufiira, iye ndiye pa foni kuitanitsa majuzi, masikafu ndi majekete, zonse zotsika mtengo. Pachithunzi zinkaoneka bwino, koma akangochapa kawiri, juzi yatuluka timibulu, zipi wafa. Mkulu wake Lorraine ankamunena.

"Iwe, zinsanza wagula chaka chino chokha zikanakwana chikhoti chimodzi chenicheni. Changachi chili m'chaka chachisanu ndi chinayi."

"Eya, achemwali, chikuchita kuonekeratu," Shawna ankayankha akuseka.

Tsiku lina chibwenzi chake, Garrett, anamuuza kuti Loweruka akaonane ndi mayi ake koyamba. Banja lawo limapita kukathyola maapozi kumunda chaka chilichonse mu Okutobala, n'kujambulitsa chithunzi cha banja lonse. Shawna anachita mantha. Ankamukonda Garrett zenizeni, ndipo ankafunitsitsa kuti mayi akewo, Mayi Novak, amulandire ngati mpongozi. Anatsegula kabati yodzaza thothotho, koma sanaonemo choti n'kuvala pamaso pa apongozi.

Lachinayi analowa m'sitolo ya zovala zodula, n'kutenga chikhoti cha ubweya cha madola mazana asanu ndi limodzi pa khadi la ngongole. Ndalama zoterozo analibe. Atafika kunyumba anapinda kapepala ka mtengo kaja, n'kukakankhira m'kati mwa mkono.

"Lolemba ndikabweza," anauza Lorraine. "Amalandira bola kapepala kakhale pomwepo."

"Kumeneko n'kuba, iwe."

"Ndaba chiyani? Ndangobwereka."

"Vala jinzi ndi juzi, kumunda kumeneko. Kapena tenga changachi."

"Ayi, zikomo. Sindikupita kumaliro."

Loweruka anafika kumunda atatchena ndithu, bodza n'loipa. Mayi Novak anamukumbatira, n'kusisita mkono wa chikhoti. "Ubweya weniweni uwu. Mwanangu, mumadziwa kusankha."

Koma tsikulo silinamukomere Shawna. Anzake akukwera makwerero, iye ali chilili. Atamupatsa dengu, anati dzanja likumupweteka. Madonasi otentha anakana poopa mafuta, juwisi wa maapozi anakananso. Anthu atazungulira moto kuti aothe, iye anakaima patali kuti chikhoti chingamve utsi, mano akugunda ndi mphepo.

"Simukudwala, mwanangu?" anafunsa Mayi Novak.

"Ayi, mayi, ndili bwino."

Nthawi yojambulitsa inakwana. Wojambula anati aliyense agwire nthambi ngati akuthyola apozi. Shawna anakweza dzanja, kapepala kaja pululu, n'kumalendewera padzanja.

"Aa, mwaiwala kuchotsa," anatero Mayi Novak mokoma mtima. Anapisa m'chikwama, n'kutulutsa kalumo kawo ka zosokasoka.

"Musadule!"

Anali atadula kale.

"Mayo ine! Ndikabweza bwanji tsopano?" Mawuwo anatuluka okha, Shawna asanaganize.

Azakhali ake a Garrett anayang'ana pansi, wojambula anatsitsa kamera. Mayi Novak anawerama, anatola kapepala kaja, n'kumuika m'manja. Sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanapepukako.

"Ine ndagulitsa zovala m'sitolo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi," anatero. "Munthu akabweza chovala, kangachepe kamene wogulitsa anapeza pa chovalacho amamulanda. Mtsikana amene anakuvekani chikhotichi, n'kukupindirani bwinobwino akumwetulira, Lolemba akanamudula malipiro. Ndalirapo kambirimbiri chifukwa cha anthu obwereka chonchi, Garrett yu ali wamng'ono, akudikira nsapato za kusukulu."

Kenako anatembenukira kwa wojambula. "Tijambuleni, bambo, dzuwa lingatithawe."

Anajambulitsa. Shawna ali kumapeto kwa chithunzicho, maso ali pansi.

Pobwerera, Garrett ndiye ankayendetsa galimoto. Shawna anayesa kuseka.

"Nanga si ndimafuna ndioneke bwino pamaso pa mayi ako? Akhululuka, eti?"

"Kukhululuka akhululuka," anatero Garrett. "Koma sukudziwa chimene chinali m'buti ya galimoto yawo. Munali chikhoti cha ubweya chimene anagula ndi malipiro awo oyamba. Achisunga zaka zonsezi kuti adzapatse mpongozi wawo. Sabata yatha anandifunsa msinkhu wako, n'kukhala masiku atatu akuchichepetsa m'mapewa ndi manja awo. Amati akupatse tikamaliza kujambulitsa."

"Ndiye chili kuti?"

"Abwerera nacho."

Shawna analira mpaka kunyumba. Chibwenzi sichinathe, anakwatirana ndithu mu Juni. Mayi Novak amamulonjera bwino, amamupatsa mpando patebulo, amamufunsa za kuntchito. Koma za chikhoti sanazitchulenso. Masamba atayambanso kufiira chaka chino, banja linapitanso kumunda kuja, ndipo Shawna anachiona koyamba chikhoti cha Mayi Novak chija. Amene anachivala anali chibwenzi cha mng'ono wake wa Garrett, mtsikana wogwira ntchito mu lesitilanti, amene anabwera kudzaonekera atavala juzi ya pa kaunjika.

Phunziro: Chovala chotsika mtengo sichichititsa manyazi, chodula sichigula ulemu. Ngati mungathe, sungani pang'onopang'ono mugule chimodzi cholimba. Ngati simungathe, valani chanucho mutachichapa bwino. Koma musavale bodza, chifukwa pali munthu wina amene amalipira, ndipo tsiku limene lidzaonekere mudzataya chinthu chosagulidwa m'sitolo. Tumizani nkhaniyi kwa achemwali ndi anzanu onse okonda kutchena asanakagule za nyengo ino.