Mswachi wa Apongozi

Ku Mpalale, munthu mmodzi akapanda kutsuka mano, nyumba yonse inkamanidwa shuga, poti miswachi yamagetsi inkaneneza kuchipatala. Esinati ankadalira geni ya mandasi, koma apongozi ake, aNasibeko, anakaniratu kugwiritsa ntchito mswachi wawo.

"Chinthu chonjenjemeracho mukachilowetse mkamwa mwa amayi anu."

"Nanga ana adya chiyani, amayi?"

"Adye mwano wanuwo."

M'mawa uliwonse Esinati ankatenga mswachi wa apongoziwo, n'kukatsuka nawo mano a mbuzi kukhola. Shuga anayamba kubwera, mandasi n'kumayenda malonda.

Tsiku lina namwino anatulukira atanyamula mano oikirira.

"Agogo, mswachi wanu ukuti mulibe mano akutsogolo akumwamba. Lamulo likuti tikuikeni lero."

ANasibeko anakukuta mano awo athunthuwo, diso lili pa mpongozi wawo. Esinati anayala mphasa mosafulumira.

"Khalani apa, amayi. Muyasamule bwino."