Kachingwe Asankha Jagi

Padangokhala, ndipo inu muvomere kuti tili tonse, kansomba ka mtundu wa mbuna, dzina lake Kachingwe, kanakwatira Nasibeko. Mayi woweta nsomba anawaikira mathanki awiri agalasi, lina lalikulu ngati bafa, lina longa jagi, nati asankhe.

Kachingwe, amene ankaluma aliyense woyandikira mwala wake, anakapempha nzeru kwa Nkhono.

"Nyumba izikukwana wekha, achimwene," anatero Nkhono. "Onani yangayi. Chibadwire sanagonemo mlamu."

Kachingwe anakondwa, koma poti ankadzitcha bambo waulemu, anafunsanso mkazi wake. Tsono mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa, ndipo tsikulo Nasibeko anali atavuwata ake onse.

"Mayi, titenge kajagika. Ngati mukukana, nenani."

Nasibeko anangotuzula maso, masaya ali tutumu.

"Mwaona a Nkhono? Sakutsutsa," anatero Kachingwe, ndipo analowa m'kajagi muja.

Patatha masabata atatu Nasibeko anayasamula, ndipo m'kamwamo munatuluka ana makumi anayi. Kachingwe akati atembenuke ankaponda mwana, akati apume ankameza wina n'kumulavula mopepesa. Pomaliza anagona choimirira, mchira uli pamphepo.

"Bwanji simunanene, mayi?"

"Chaka chonse pakamwa panga pamakhala popanda kanthu, bambo, koma inu munasankha tsiku limenelo kuti mundifunse."

Kachingwe anakagogoda pachigoba cha Nkhono, kupempha malo ogona.

"Ndinakuuzani kale," anayankha Nkhono ali m'kati, "yangayi ndi ya munthu mmodzi."

Nthano yanga yathera pamenepo.