Mbale ya Apongozi

"Werenganinso, adokotala, ine sindikuopa!" anatero Liness, akuseka mpaka mpando kulira.

Kuyambira tsiku limene sikelo ya fodya ku Santhe inaonetsa kuti waposa belo kulemera, mayiyu ankangolota opaleshoni yochepetsa chifu. Lero anali atatchena ngati wa ku ukwati.

Dokotala anabwereza kuwerenga zoopsa za opaleshoniyo: kutaya magazi, chilonda kutukusira, ngakhalenso kusadzuka kumene.

"Ana asanu ndinabereka ine! Pitirizani."

"Mukachira, muzidzakhuta ndi masipuni anayi okha. Mukadzakakamiza, mudzasanza."

Kuseka kuja kunathera pomwepo. "Ngakhale ndili mlendo kwa eni ake?"

"Kulikonse, mayi."

Liness anatembenukira mwamuna wake, Fundo. Loweruka lililonse awiriwa amakadya kwa amayi ake a Fundo ku Njombwa, mayi amene anatha chaka chathunthu osayankhulana ndi mpongozi wina chifukwa anasiya ntchafu ya nkhuku m'mbale.

"Bambo a Olive, mukawauza ndinu amayi anu?"

Fundo, amene anamva za imfa osaphethira n'komwe, anatola chipewa chake msangamsanga.

"Adokotala, opaleshoni imeneyi ndi yoopsa zedi. Amayi a Olive, tiyeni tizipita."