Chigamba Chobiriwira Pabondo

Panali munthu wina, mphunzitsi wa zachuma pasukulu ina ya sekondale, amene anzake ankamutcha Achangu chifukwa chilichonse ankachita mothamanga. Nkhaniyi anandiuza ndi mlamu wanga amene analipo tsiku limene zinachitika.

Tsiku lina Achangu anauza ana a m'kalasi mwake kuti alembe mmene mabanja awo amapezera zofunika pakhomo. "Lembani zoona zokhazokha. Wowerenga ndine ndekha," anawalonjeza. Ana analembadi, ena mpaka kutulutsa zakukhosi.

Atamva kuti AI, nzeru zopanga za pakompyuta, imapanga masewera ophunzitsira m'kanthawi kochepa, anajambula mapepala onse aja n'kuwalowetsa mu kompyuta. Anaiuza kuti ichotse mayina, ipange makhadi a mafunso okhudza ulova ndi kukwera mtengo kwa zinthu.

Mnzake wophunzitsa masamu anamuchenjeza. "Achangu, izitu ndi zinsinsi za ana. Bwanji osangopeka mabanja anuanu? Kapena muyambe mwawerenga makhadiwo."

"Mayina achotsedwa kale, amayi. Inu pitirizani ndi choko chanu."

Pa tsiku la makolo holo inadzaza. Masewera aja anawaonetsa pakhoma, makolo n'kumasinthana kuwerenga khadi ndi kusankha yankho. Anthu ankaseka, ahedi akuwomba m'manja, Achangu akuyenda monyang'wa. Kenako inafika nthawi ya mayi wina wosoka zovala, amene anakhala kutsogolo ndi amuna awo komanso mwana wawo wamkazi wa m'kalasimo. Anayamba kuwerenga mokweza akumwetulira:

"Bambo wina wokonza makina pafakitale ya sopo anachotsedwa ntchito miyezi itatu yapitayo. M'mawa uliwonse amavala ovololo yake ya chigamba chobiriwira pabondo, n'kukakhala pabenchi kuseri kwa laibulale mpaka nthawi yoweruka. Mkazi wake sakudziwa. Kodi banjali lichite..."

Mawu anathera pomwepo. Chigambacho anasoka ndi iwo omwe, ndipo chinali pabondo la amuna awo pomwe anakhalapo, aliyense akuchiona. Abale inu! Makolo amene anaseka makhadi oyamba aja anayamba kuyang'anana, aliyense akudzifunsa ngati sanaseke za pakhomo pake pomwe.

Achangu anathamangira kukazimitsa kompyuta, koma azimitsiranji anthu atamva kale?

"Abambo ake," anatero mayiwo, "si paja mwati lero mwachita kupempha abwana anu kuti mubwere kuno?"

Bamboyo anatembenukira kwa mwana wake.

"Iwe, unadziwa liti?"

"Kalekale, ababa. Ndinakuonani pabenchipo ndikuchokera kusukulu. Kuyambira tsiku limenelo ndimadzera njira ina kuti musachite manyazi."

Bambo wamkulu uja anaphimba nkhope ndi manja n'kuyamba kulira pamaso pa anthu onse. Mwanayo anawagwira dzanja, anatuluka nawo panja, mayi akutsatira m'mbuyo.

Phunziro: Chinsinsi chimene mwana wakuuza si chida chophunzitsira. Kufufuta dzina sikubisa munthu kwa amene amamudziwa, ndipo AI imagwiritsa ntchito chilichonse mwaipatsa popanda kudziwa chimene chingachititse munthu manyazi. Muzipeka zitsanzo zanu, ndipo masewerawo muziyamba mwasewera nokha musanaitane anthu. Musangowerenga n'kukhala chete, tumizirani aphunzitsi ndi makolo onse amene muli nawo pafoni.